Kamba wa Paulendo wa ku Joni: Tinyamule Khadi Liti?

Kwa Kawinga, pa Ntaja ndi pa Nsanama, mpaka ku Ulongwe m'boma la Balaka, mabanja ambiri ali ndi mwana kapena mbale ku South Africa. Ulendo umenewu si wachilendo pakati pathu. Agogo athu anapita kumigodi kudzera ku Wenela, ndipo dzinalo likadalipo pa depoti ya mabasi mumzinda wa Blantyre. Boma linaletsa maulendowo m'chaka cha 1974, ndege itagwa ku Francistown ndi kupha amuna 74 a kuno kwathu. Anayambanso mu 1977 m'dzina la Theba, nadzatheratu mu 1988. Masiku amenewo gawo lina la malipiro a munthu linkasungidwa kuti adzalandirire kuno kumudzi, kotero kuti ngakhale womwaza ankabwerako ndi kanthu. Lero palibe womsungira ndalama mnyamata kapena mtsikana wathu. Amakwera basi yekha, nadutsa pa Mwanza, Zobue, Tete, Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge, chuma chake chonse chili m'thumba la malaya.

Munthu akangowoloka malire, kwacha imasanduka pepala wamba. Ku Mozambique afuna metikali, ku Zimbabwe ambiri afuna dola ya ku America, ndipo ku Joni afuna randi. Ndalama zamapepala zikabedwa, zapita basi, palibe kozilondola. Ndicho chifukwa chake ambiri atembenukira ku makhadi a kubanki. Koma makhadiŵa, ngakhale amafanana maonekedwe ndipo ambiri ali ndi chizindikiro cha Visa kapena cha Mastercard, ali a mitundu itatu, ndipo kusiyana kwake kumaonekera pa tsiku la tsoka.

Loyamba ndi lija ambiri a ife tili nalo kale, limene timatapira ndalama pa makina a ATM pa Liwonde kapena pa Balaka. Kubanki amalitcha debit. Khadi limeneli ndi khomo loloŵera ku akaunti yathu yeniyeni: tikagula chinthu, ndalama zimachoka pomwepo pa zimene tinasunga. Kuyenda nalo kunja kuli ngati kusenza nkhokwe yonse pamutu kupita nayo kumsika. Mbala ikaliba, kapena ikakopera nambala zake ndi kachipangizo kobisika pa makina otapira ndalama, imafika pa zonse zimene banja linapeza pa nandolo, pa thonje kapena pa mpunga wa chaka chathunthu. Palinso vuto lina limene ambiri amalizindikira ali kale kutali. Akaunti ili ndi makwacha, koma sitolo ya ku Johannesburg iyenera kulandira marandi, ndiye kuti banki yathu iyenera kupeza ndalama zakunja kuti ilipire. Popeza ndalama zakunja zakhala zosoŵa m'dziko muno kwa zaka zingapo, mabanki akhala akuika malire pa zimene khadi lingalipire kunja. Munthu angathe kukhala ndi makwacha ochuluka mu akaunti, makina nʼkumukana pamaso pa anthu. Safunsa anadya phula: tisananyamuke tifunse kubanki ngati khadi lathu ndi lotsegulidwa kuti ligwire ntchito kunja, ndiponso malire ake ndi otani.

Lachiŵiri ndi khadi la ngongole, la credit. Ndalama zimene munthu amagwiritsa ntchito ndi za banki, ndipo amabweza pambuyo pake. Kaŵirikaŵiri mabanki amalipereka kwa anthu a malipiro odziŵika a pamwezi, tsono kumidzi kwathu ndi ochepa ali nalo. Lili ndi ubwino wake: mahotela ndi makampani obwereketsa galimoto amalikonda pofuna chikole, ndipo wakuba akaligwiritsa ntchito sakhudza ndalama zathu zosunga pamene nkhaniyo ikufufuzidwa. Koma wolephera kubweza zonse pa tsiku loikika amayamba kulipira chiwongoladzanja chimene chimakula mwezi ndi mwezi ngati katapila. Kwa mnyamata wopita kukafuna ntchito imene sanaipeze, ife sitikuona nzeru yoyamba ulendo ndi ngongole.

Lachitatu ndilo lolipiriratu, la prepaid, ndipo kagwiridwe kake sikachilendo kwa aliyense amene anagulapo mayunitsi a foni kapena a magetsi a Escom. Munthu amaikamo ndalama asananyamuke, ndipo zikatha zatha. Silikhudzana ndi akaunti ya banja. Uyu ndiye kamba wa paulendo monga ankamangira amayi athu: ufa woyezedwa, nkhuku yootcha ndi mtedza, nkhokwe nʼkutsala pakhomo. Likatayika, chotayika ndi chokhacho chimene chinali m'katimo, ndipo mwini wake akafulumira kuimba foni kuti alitseke, ngakhale chimenecho chingapulumuke. Kwa makolo amene akutumiza mwana kusukulu kapena kuchipatala kunja, khadi lotere limathandizanso kudziŵa bwino lomwe kuti ulendo wadya zingati.

Komabe tisiyanitse. Makhadi ena olipiriratu amasunga makwacha, ndipo ena amasunga ndalama zakunja monga madola. La makwacha limatchinjiriza kwa mbala, koma silitchinjiriza pa kugwa kwa ndalama yathu. Tikumbukire zimene zinachitika mu November 2023, pamene Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, patangopita chaka ndi theka chiitsitsireni ndi 25 peresenti mu May 2022. Dola imodzi imene inkagulidwa pafupifupi K1,180 kubanki inafika pa K1,700. Munthu amene anali ataika kale madola 100 m'khadi lake anali atalipira pafupifupi K118,000, ndipo madola akewo anakhalabe 100. Mnzake amene anadalira khadi la ku akaunti ya makwacha anagona ndi mtengo wina nadzuka ndi wina: katundu yemweyo wa madola 100 anamudyera K170,000. Pamenepa mʼpamene timamvetsa za fodya wa pamphuno ndi wa pachala.

Tisaliyamikire mopitirira, pakuti nalonso lili ndi minga yake. Kuti munthu aikemo ndalama zakunja ayenera kuzigula kubanki kapena kumalo ovomerezeka osinthira ndalama, ataonetsa pasipoti ndi tikiti, ndipo madola akasoŵa m'dziko khadi lopanda kanthu silithandiza. Pali zolipira poikamo ndalama, zolipira nthaŵi iliyonse munthu akatapa pa makina, ndipo makhadi ena amadula kangachepe ngakhale akangokhala osagwiritsidwa ntchito. Wotapa pangʼonopangʼono tsiku ndi tsiku amataya zambiri kuposa wotapa kamodzi zokwanira sabata. Khadi la madola likagula zinthu za marandi, ndalama imasinthidwa kachiŵiri, ndipo pa kusintha kulikonse pamatsala kena kake m'manja mwa osinthawo. Hotela ikagwira chikole pa khadi lotere, ndalamazo zimamangika masiku angapo mwini wake akuzifuna. Ndipo zotsala pobwerako zimagulidwa ndi banki pa mtengo wotsikirapo kuposa umene tinagulira. Chifukwa chake tiŵerenge pepala la zolipira tisanasaine, ndipo amene maso atopa apite ndi mwana wodziŵa kuŵerenga.

Amene akukakhalitsa ku South Africa nkhani yawo ndi ina, popeza malipiro awo ndi marandi. Kampani ya Mukuru, imene ambiri amatumizira ndalama kumudzi, imaperekanso khadi lolipiriratu kumeneko, limene munthu angalandirirepo malipiro m'malo mosunga marandi pansi pa mphasa m'chipinda chogona anthu asanu.

Tsono ife tikuona chonchi. Wopita ulendo wa masabata oŵerengeka, monga amayi okaoda katundu, wophunzira kapena wodwala, anyamule khadi lolipiriratu ngati angalipeze, ndipo la ku akaunti likhale lapadera, losungidwa m'thumba lina, mu akauntimo mutatsala zochepa. Asaiŵalenso ndalama zamapepala pangʼono, chifukwa mayi wogulitsa nthochi pa Zobue ndi woyendetsa minibasi pafupi ndi Park Station safunsa za khadi.

Inu makolo, musanamperekeze mwana pa siteji, khalani naye pansi muone zinthu izi. Nambala yachinsinsi aisunge m'mutu, asailembe kuseri kwa khadi kapena kuiuza mlendo wodzipereka kumthandiza pa makina. Polipira asalole kuti khadi lichoke pamaso pake. Makhadi ambiri a makono amalipira zinthu zazingʼono pongowagunditsa pa makina popanda nambala yachinsinsi, choncho likasoŵa aimbe foni ola lomwelo, osadikira kuti kuche. Nambala ya foni ya banki ailembe papepala lapadera, ndipo pepala lina litsale ndi inu kunyumba. Afunsenso ngati simu yake ya TNM kapena ya Airtel idzalandira mauthenga ali kunja, pakuti mabanki amatumiza nambala zotsimikizira malipiro ena ku foni imene analembetsa kuno, ndipo ambiri amaichotsa simuyo akangofika pa Beitbridge.