Tizizindikiro Tokonzera Nkhani pa Kompyuta

Anzanga, ambirife timadziwa kuti pa WhatsApp mukaika kanyenyezi kumayambiriro ndi kumapeto kwa liwu, liwulo limaoneka lakuda kwambiri. Lero ndikuuzeni za njira ina yofanana nayo, dzina lake Markdown.

Anaiyambitsa ndi John Gruber m'chaka cha 2004. Imapezeka m'mapulogalamu ena oikira nkhani pa intaneti, omwe amatchedwa CMS. Mumakhala kabokosi kolembamo, ndiye m'malo mosakasaka mabatani, mumangolemba tizizindikiro pamodzi ndi mawu anu.

Nazi zoti musunge pamtima:

1. Chizindikiro cha # kenako kampata: mzerewo usanduka mutu waukulu. Mukaika ziwiri, ##, ndi mutu waung'ono.
2. Tinyenyezi tiwiri uku, tiwiri uku: mawu akuda.
3. Kanyenyezi kamodzi uku ndi uku: mawu opendekeka.
4. Kamzere kogona poyambira mzere uliwonse: mndandanda.
5. Kusiya mzere umodzi wopanda kanthu: ndime yatsopano.

Koma apa tcherani khutu! Kanyenyezi kamodzi kamene kamadetsa mawu pa WhatsApp, mu Markdown kamangowapendeketsa basi. Komanso mukatsegula tinyenyezi osatseka, timaonekera poyera m'nkhani yanu, owerenga n'kumadabwa. Choncho musanatumize, dinani kaye Preview muone mmene yatulukira.

Ine chimandisangalatsa n'choti zonsezi tikhoza kuyeserera mu kope, olo kwathu kulibe magetsi. Tengani ndime imodzi ya chimangirizo chanu muikonze choncho. Mpata wa kompyuta umakhala wochepa, tisadzauthere n'kufunsana kuti tidine pati.

Wolemba: mnzanu wa Fomu 2