Kuphulitsa miyala kosavulaza anthu: phunziro lochokera ku Joni

Pa 19 Febuluwale 1896, sitima yomwe inanyamula mabomba ophulitsira miyala inaphulika pa siteshoni ya Braamfontein mumzinda wa Johannesburg. Anthu oposa 70 anafa ndipo nyumba zambirimbiri zinagwa. Pa nthawiyo mzindawu unali ndi zaka khumi zokha chiyambire pomwe golide anapezeka ku Langlaagte mu 1886. M'chaka chomwecho cha 1896, fakitale yopanga dayinamaiti inatsegulidwa ku Modderfontein, kumpoto chakum'mawa kwa mzindawu. Kuyambira pamenepo, Joni wakhala akukula ndi funso limodzi lovuta: kodi thanthwe lingaswedwe bwanji popanda kupha munthu, kugwetsa nyumba kapena kuipitsa madzi?

Funsoli likutikhudza ifenso. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela. Ambiri anabwerera kumudzi ndi njinga, wailesi ndi mabulangete, koma ena anabwereranso ndi chifuwa chosamva mankhwala. Fumbi la thanthwe loboola ndi lophulitsa limakhazikika m'mapapo n'kuyambitsa matenda a silikosisi, omwe amatsegulanso khomo la chifuwa chachikulu. Mu 2019 khoti lalikulu ku Johannesburg linavomereza mgwirizano woti makampani asanu ndi imodzi a golide apereke ndalama zokwana marandi 5 biliyoni ngati chipukuta misozi kwa odwalawa ndi mabanja awo, kudzera ku bungwe la Tshiamiso Trust.

Vuto lenileni lili pati?

Bomba likaphulika m'dzenje loboola m'thanthwe, si mphamvu yake yonse yomwe imaswa mwala. Yambiri imathawa: ina imagwedeza nthaka, ina imasanduka chiphokoso chogwedeza mawindo, ina imaponya zibenthu za miyala kutali. Ming'alu ya m'makoma, fumbi lokuta mbewu m'munda ndi mantha a ana ndi ziweto zimachokera m'mphamvu yotayikayi. Choncho cholinga chachikulu cha kafukufuku n'chakuti mphamvu yochuluka ithere m'thanthwe momwemo.

Vuto lachiwiri ndi la mankhwala. Mabomba ambiri a masiku ano amapangidwa ndi ammonium nitrate, mankhwala omwe amapezekanso mu feteleza wina. Mtundu wodziwika wa ANFO umasakaniza magawo 94 a mankhwalawa ndi magawo 6 a mafuta a dizilo. Ndi wotsika mtengo, koma umasungunuka ukakhudzana ndi madzi. Ukanyowa suphulika bwino: umatulutsa utsi wofiirira wapoizoni, ndipo wotsalawo umalowa m'madzi a pansi pa nthaka. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti nitrate asapose mamiligalamu 50 pa lita imodzi ya madzi akumwa, chifukwa akachuluka amaika makanda pachiswe.

Zomwe akatswiri apeza

Njira yoyamba ndi mabomba okhala ngati phala lolimba, momwe timadontho ta mankhwala timakutidwa ndi mafuta kuti madzi asatisungunule. Ubwino wina ndi wakuti phalali limanyamulidwa lisanakhale bomba lenileni. Limapatsidwa mphamvu yophulika pomwe likupoperedwa m'dzenje. Izi zimachepetsa ngozi ngati ija ya ku Braamfontein. Makampani awiri aakulu a ku Johannesburg, AECI ndi BME, amapanga mabomba a mtunduwu, ndipo BME imagwiritsa ntchito oyilo wakale wa m'mainjini popanga phalali, m'malo moti oyiloyo atayidwe m'nthaka kapena m'mitsinje.

Njira yachiwiri ndi zoyatsira zoyendera kompyuta. Kale mabomba ankayatsidwa ndi chingwe choyaka moto, ndipo nthawi yophulikira inali yongoyerekeza. Zoyatsira zamakono, monga zopangidwa ndi kampani ya DetNet ku Modderfontein, zili ndi kachipangizo komwe kamawerenga nthawi mpaka gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Maenje amaphulika motsatizana, limodzi limodzi, kotero kuti nthaka simalandira chibakera chimodzi chachikulu. Woyatsa amathanso kuyesa dzenje lililonse asanaphulitse, zomwe zimachepetsa mabomba okana kuphulika omwe amadzapha anthu pambuyo pake.

Umboni wa luso lotereli uli pansi pa mzinda weniweniwo. Njanji ya Gautrain, yomwe inayamba kunyamula anthu mu 2010, ili ndi ngalande ya pansi pa nthaka yotalika makilomita pafupifupi 15, ndipo gawo lalikulu la ngalandeyi linakumbidwa poboola ndi kuphulitsa, pamwamba pake pali nyumba ndi maofesi.

Njira yachitatu ndiyo kusiyiratu mabomba. Ku Mandela Mining Precinct, malo a kafukufuku omwe anatsegulidwa mu 2018 ku Johannesburg mogwirizana pakati pa boma, eni migodi ndi bungwe la sayansi la CSIR, imodzi mwa nkhani zomwe zafufuzidwa ndi kuswa thanthwe popanda kuphulitsa. Chifukwa chake n'chomveka: m'migodi yakuya, monga wa Mponeng womwe umafika makilomita pafupifupi 4 pansi, ntchito imaima kwa maola angapo akaphulitsa podikira kuti utsi uthe. Pa ntchito zazing'ono pali kale ufa wonga simenti womwe amausakaniza ndi madzi n'kuthira m'maenje; umafufuma pang'onopang'ono mpaka mwala kung'ambika, popanda phokoso kapena utsi.

Luso lokha silikwanira

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Misewu, milatho ndi sukulu zimafuna miyala ya kwale, ndipo migodi monga wa Kayelekera ku Karonga ndi ya malasha ku Moatize m'chigawo cha Tete siyingayende popanda kuswa thanthwe. Koma matopewo asagwere osauka okha. Ku South Africa zinthu zinayamba kusintha kwenikweni lamulo la umoyo ndi chitetezo m'migodi litakhazikitsidwa mu 1996, lomwe linapatsa wantchito ufulu wochoka pamalo oopsa. Ku Malawi, lamulo losamalira chilengedwe la 2017 limafuna kuti ntchito zazikulu ziunikidwe kaye momwe zidzakhudzire anthu ndi chilengedwe, ndipo eni mudzi amve ndi kuyankhulapo.

Pamisonkhano yotere, alangizi, mafumu ndi makomiti a chitukuko ali ndi zoyenera kufunsa. Nyumba zoyandikana ndi malowo ziyenderedwe ndi kujambulidwa ntchito isanayambe, kuti ming'alu ikadzaoneka pasadzakhale kukanirana. Makina oyeza kugwedezeka kwa nthaka aikidwe pafupi ndi nyumba, ndipo zotsatira zake anthu azizidziwa. Nyumba za zidina ndi zomata zimafuna malire okhwima kuposa za njerwa zootcha. Nthawi yophulitsa ilengezedwe, belu lochenjeza lilire, ndipo ikhale nthawi yoti ana sali panjira ya kusukulu. Madzi a m'zitsime ndi m'mijigo ayezedwe kawirikawiri. Wophulitsa akhale ndi chiphaso cha boma.

Nawonso amayi ndi abambo omwe amaswa miyala m'mbali mwa misewu potentha matayala pathanthwe akumbukiridwe. Utsi wa matayala ndi fumbi la mwala zimawononga mapapo awo monga zinachitira kwa agogo athu ku Wenela. Kunyowetsa mwala asanauswe ndi kuvala zotchinga kukamwa ndi m'maso ndi chiyambi chotsika mtengo, chomwe mudzi uliwonse ungathe kuyamba lero.