Nyali ya pamadzi siyaka yokha

Wogula matemba pamsika ku Limbe kapena kwa Nazombe ku Phalombe amangofunsa mtengo basi. Safunsa kuti nsombazo zafika bwanji kumtunda kuchokera pakati pa nyanja ya Chilwa, kumene asodzi amagona masabata m'zimbowera, tinyumba toyandama tija. Nanga kukada, mphepo n'kuyamba, wobwerera kudoko amatsata chiyani?

Funso lomweli linasowetsa tulo amalonda a ku London zaka pafupifupi 300 zapitazo. Pamene mtsinje wa Thames umathira m'nyanja pali mchenga wobisika m'madzi wotchedwa Nore, umene unkatitimiza zombo. Kumanga nsanja ya nyali pamchenga wotere kunali kosatheka. Ndiye m'zaka za m'ma 1730, Robert Hamblin ndi David Avery anatenga chombo, n'kuchiimika ndi nangula pamalo oopsawo, n'kupachikapo nyali. Eni zombo za katundu ankasonkha ndalama yolipirira kuwalako. Bungwe la Trinity House, loyang'anira nyali za m'mbali mwa nyanja, poyamba linatsutsa, koma pambuyo pake linaimika zombo zake zotere.

Ntchitoyi sinali yamasewera ayi. Namondwe akabwera zombo zina zimathawa, koma cha nyali chimayenera kukhala pompo. M'chaka cha 1934, chombo chachikulu cha Olympic chinagunda chombo cha nyali cha Nantucket ku America kuli nkhungu, ndipo anthu 7 anamwalira. Mu November 1954, namondwe anadula unyolo wa chombo cha South Goodwin ku England, n'kuphanso antchito 7.

Dziko la America linasiya kugwiritsa ntchito zombozi mu 1985. A Trinity House anatsitsa antchito awo omaliza mu 1989, ndipo zombo zotsala zimawala ndi mphamvu ya dzuwa. Koma taonani: eni zombo zamalonda akulipirabe msonkho wa nyali mpaka lero.

Ife kuno timadziwa kulusa kwa madzi. Pa 30 July 1946, sitima ya Vipya inamira ndi mphepo pa nyanja ya Malawi pafupi ndi Chitimba, n'kupita ndi anthu 145. Zoona, nyali siletsa mwera, koma imamuuza wopalasa bwato kumene kuli doko.

Tsono abale anga a geni ya nsomba, tisamangodikira boma pa chilichonse. Nyali za sola zadzaza m'mashopu. Kodi ogula nsomba ku Kachulu kapena ku Swang'oma atamasonkha kangachepe pa thumba lililonse, makomiti a m'madoko angalephere kuimika mlongoti wa nyali ndi kulipira woisamala? Mutu umodzi susenza denga. Msodzi akamira, si banja lake lokha lomwe limagona ndi njala. Benchi yanunso pamsika imakhala mbee!