Agogo analephera mayeso a kuchipatala, ine ndinakayikira sikelo

Tchuthi chapitachi ndinakwera kwathu ku Chowe kukatenga agogo anga aakazi kuti akaonedwe kuchipatala. Anali atayamba kuiwala mphika pamoto ndi kufunsa funso limodzi katatu. Ena m'mudzi anali atayamba kale kunong'ona za ufiti, ndipo manong'onong'o otere si ocheza nawo. Ku Neno mu Januwale 2016 okalamba anayi anaphedwa powaganizira kuti ndiwo anatumiza mphezi.

Adokotala anawafunsa: "Agogo, lero ndi pa chiyani? Chotsani 7 pa 100, muzichotsabe. Kopani chithunzi ichi." Mafunso ngati amenewa amapezeka m'mayeso otchedwa MMSE, omwe anatuluka ku America mu 1975 ndipo ali ndi mamalikisi 30. Agogo sanapondepo m'kalasi, komanso pakamwa pawo pamayenda bwino Chiyao. Pensulo anaigwira ngati mpeni wosendera chinangwa, n'kuseka. Malikisi anali ochepa zedi.

Ana anga a Physics mukudziwa zomwe ndimakuuzani musanayeze kanthu: onani kaye ngati muvi wa sikelo uli pa ziro. Ukakhala kuti wakhota kale, chilichonse mungayeze ndi bodza. Sukulu imakhotetsa mayeso a kukumbukira chimodzimodzi. Wosaphunzira amatha kuoneka wodwala ali bwinobwino, wophunzira kwambiri n'kukhoza matenda atamulowa kale.

Nanga matendawo amaoneka bwanji? Mu 1906 dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, anapima ubongo wa mayi Auguste Deter atamwalira. Anapeza zinthu ziwiri zomwe lero tikudziwa kuti ndi mapuloteni: amyloid, wounjikana ngati zibuma pakati pa maselo a ubongo, ndi tau, wopotana ngati ukonde wosokonekera m'kati mwa maselowo.

Masiku ano sadikiranso maliro, ndipo apa ndi pomwe Physics yathu imalowa. Wodwala amamubaya mankhwala omata pa amyloid, okhala ndi fluorine-18. Atomu imeneyi imatulutsa positron, yomwe ikakumana ndi electron zonse ziwiri zimatheratu, n'kusanduka ma gamma ray awiri othamangira mbali zosiyana. Makina a PET amagwira awiriwo n'kuwerengetsa komwe achokera. Half-life ya fluorine-18 ndi mphindi pafupifupi 110 basi, ndiye ganizani: mutanyamula mankhwalawo ulendo wa maola anayi, angatsale amphamvu bwanji? Mundiyankhe Lolemba.

Mungayembekezere kuti zibuma zikachuluka malikisi azitsika. Eti sizili choncho kwenikweni. Amyloid amayamba kuunjikana zaka 15 kapena 20 munthu asanayambe kuiwala. Kuyambira 1986 David Snowdon anatsatira masisitere achikatolika a ku America, omwe anakwana 678, ndipo anavomera kuti ubongo wawo udzapimidwe akadzamwalira. Mmodzi, Sister Mary, ankakhoza bwino mayeso mpaka anamwalira ali ndi zaka 101, koma ubongo wake unapezeka ndi zibuma ndi zopotana zambiri. Chomwe chimayenda limodzi ndi malikisi kwambiri ndi tau: akamafalikira, kukumbukira kumatsika. Njira yoyeza magazi yomwe bungwe la FDA ku America linavomereza mu 2025 imayang'ana tau wa mtundu wa p-tau217 pomuyerekeza ndi amyloid.

Tisaiwalenso kuti kuiwala konse si Alzheimer. Sitiroko zing'onozing'ono zobwera ndi BP, HIV, kuchepa kwa vitamini B12, kukhumudwa, ngakhale kugontha chabe, zonsezi zimatsitsa malikisi, ndipo zingapo zili ndi mankhwala. Agogo anawapeza ndi BP yokwera, anawapatsa mapiritsi.

Titabwerera ndinayesa sikelo ina. Ku Hai, dziko la Tanzania, ofufuza anakonza mayeso a IDEA, osafuna kulemba kapena kuwerenga: kutchula nyama m'mphindi imodzi, kuyala timitengo ta machesi motsanzira chitsanzo, kukumbukira mawu 10. Ndinawafunsa m'Chiyao tili pakhonde. Nyama anatchula mpaka ine kusowa potsatira, zina sindinazimvepo. Machesi anayala bwinobwino. Ndinayamba kusangalala.

Kenaka ndinawafunsa mawu 10 aja, omwe tinali titabwereza katatu mphindi zochepa zapitazo. Anakumbukira amodzi okha. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti ndafika liti kuchokera ku Mangochi.

Tsiku lobwerera kuchipatala ndinalilemba pakhoma ndi makala, pamwamba pa ndowa ya madzi pomwe amayi amaona m'mawa uliwonse.