Makapu apepala otsala paphwando: nazale ya nkhwani pawindo

Lero tikambe za makapu apepala aja amatsala phwando likatha. Musathamangire kuwataya. Ambiri mkati mwake adamatamo kapulasitiki kopyapyala kuti asavunde ndi madzi, n'chifukwa chake kuno ku UK makhonsolo ambiri sawalola m'bini ya mapepala. Ndiye ine ndimawasandutsa nazale, poti kupeza nkhwani kunoko ndi ntchito.

Mu April, boolani timabowo titatu pansi pa kapu kuti madzi azituluka. Thiranimo dothi la kompositi, mubzale nthanga imodzi ya dzungu, kuya kwake masentimita awiri basi. Ikani pawindo lofika dzuwa, muzithirira pang'onopang'ono. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, mbewu yamera. Komatu musaitulutse msanga, chisanu cha kuno sichinyengerera mbande. Dikirani kumapeto kwa May.

Pookera, yambani mwang'amba kapuyo n'kuichotsa. Mukaikwirira yonse, kapulasitiki kaja sikawola, ndipo mizu imasowa kolowera.

Mukatero, m'chilimwe chomwechi mudzadyera nsima nkhwani wotendera wolima nokha. Yesani, mudzatiuze.