Musanaode mbande zokwatitsa, funsani za tsinde lake

Ngalande yaikulu ya ulimi wamthirira yomwe ikuyambira pa Kapichira ikhoza kuchulukitsa alimi ofuna mbande za zipatso ku Chikwawa ndi Nsanje. Inu amene mumaoda mbande n'kukagulitsa pa Dyeratu, Nchalo kapena Ngabu, kumbukirani kuti mtengo wokwatitsa ndi mitengo iwiri. Nthambi ya pamwamba ndiyo imabereka chipatso chomwe kasitomala akufuna. Tsinde la pansi, mwini mizu, ndilo limalimbana ndi dothi, chilala ndi matenda.

Alimi a mphesa anaziphunzira izi atalira. M'zaka za m'ma 1860, kachilombo kotchedwa phylloxera kanayamba kuwononga mizu ya mpesa ku France, minda n'kumauma. Anapulumuka pokwatitsa mpesa wawo pa matsinde a mpesa wa ku America omwe amapirira kachilomboka. Mpaka lero alimi a ku South Africa amasankha tsinde poona dothi. Pamchenga, pomwe pali tinyongolotsi towononga mizu kapena mchere, ambiri amadalira tsinde lotchedwa Ramsey.

Kuno kuchigwa mavuto ndi kutentha ndi mchere, moti mijigo ina imatulutsa madzi osamweka. Mango a Kent, Keitt kapena Tommy Atkins amachita bwino akakwatitsidwa pa mbande za mango a makolo ozolowera dera lomwelo. Malalanje ndi manachesi ambiri amakwatitsidwa pa mandimu okhakhala khungu. Tsinde limeneli limapirira chilala, koma silikonda mchere kapena madzi odikha. Pamalo amchere, tsinde la Cleopatra ndilo limalimba, ngakhale limachedwa kubereka.

Ndiye pooda, funsani mwini nazale dzina la tsinde ndi la nthambi, ndipo lembani pa chubu chilichonse. Akamazengereza kuyankha, pitani kwina. Yang'anani polumikizira: pakhale popola bwino, popanda mng'alu. Zulani mbande imodzi muone mizu. Ngati yapotana ngati chingwe, isiyeni.

Pogulitsa, funsani wogula za munda wake ndi madzi omwe amathirira. Muuzeni asakwirire polumikizira podzala, ndipo azithyola mphukira zonse zotuluka m'munsi mwake, chifukwa zikakula mtengo umabereka chipatso cha tsinde. Mango okwatitsa amatenga zaka zitatu kapena zinayi kuti abereke. Mlimi akadikira zaka zonsezo n'kukolola mandimu m'malo mwa malalanje, sabweranso pa benchi yanu, ndipo amauza mudzi wonse.