NJIRA IMENE INABADWA M'TSOKA LA PA NYANJA

Usiku wa pa 22 January 1906, sitima ya pamadzi yochedwa Valencia, imene inacokera ku San Francisco kulinga ku Seattle, inasokera m'cimphepo ndi mvula nikagunda miyala ku gombe la kumadzulo kwa cisumbu ca Vancouver, m'dziko la Canada. Mtunda unali pafupi ndithu, koma unali maphompho okhaokha ndi nkhalango yowirira, kotero kuti ofuna kuthandiza anasowa podzera. Anthu oposa 100 anafa, ndipo mwa akazi ndi ana onse amene anali m'sitimamo sanapulumuke ngakhale mmodzi.

Tsokali linagwedeza boma la Canada. Mu 1907 linayamba kulambula njira m'mbali mwa gombelo, motsata waya wa telegalamu umene unalipo kale, kuti ogwa m'ngozi azipeza kothawira, ndi othandiza azifika msanga. Koma mapazi a munthu sanali acilendo kumeneko. Mitundu ya Huu-ay-aht, Ditidaht ndi Pacheedaht inkayendamo kuyambira makedzana, ndipo mpaka lero alonda ocokera m'mitundu itatuyi amathandiza kusamala njirayo.

Pamene zida zoongolera sitima zinapita patsogolo, ngozi zinacepa, njira niyamba kuwirira. Mu 1973 inaikidwa m'malo otetezedwa a Pacific Rim, ndipo tsopano idziwika ndi dzina lakuti West Coast Trail. Utali wace ndi makilomita 75, kucokera ku Pachena Bay kufikira ku mtsinje wa Gordon. Imatsegulidwa kuyambira May mpaka September, ndipo woyendamo ayenera kukhala ndi cilolezo.

Ambiri amathamo pafupifupi mlungu wathunthu. Aliyense amabereka yekha zonse zomusunga moyo: hema, zofunda, kambaula ndi zakudya za masiku onsewo. Ndi katundu yemweyo kumsana amakwera ndi kutsika makwerero a matabwa oposa 100, amapyola m'matope ndi pa mizu yoterera. Mitsinje ina amaiwoloka atakhala m'kabokosi kacitsulo kolenjekeka pa cingwe, namadzikoka ndi manja mpaka tsidya. Pa Nitinat Narrows amawolotsedwa ndi boti la a Ditidaht.

Komabe cimene cimalamula ulendo wonse ndi nyanja. Ife a m'dziko lopanda nyanja yamcere tingadabwe kumva kuti madzi ace amakwera ndi kuphwa kawiri pa tsiku, makamaka cifukwa ca kukoka kwa mwezi. Mcenga umene munthu wayendapo m'mawa ungakhale pansi pa mafunde masana. Ncifukwa cace, asananyamuke, woyenda aliyense amalangizidwa za ngozi za m'njira napatsidwa pepala loonetsa maola a kukwera ndi kuphwa kwa madzi. Malo ena, monga Owen Point, amadutsika pokhapo madzi ataphwa. Wofikapo mocedwa ayenera kudikira kapena kudzera m'nkhalango. Wokakamira angapanikizidwe pakati pa thanthwe ndi mafunde ozizira, amene amalanda mphamvu za munthu m'kanthawi kocepa.

Madzulo nzeru yomweyo imafunika posankha pogona. Wozindikira amayamba wayang'ana mzere wa ndere ndi zinyalala zimene madzi anasiya pamene anakwera komaliza, ndipo amakhoma hema lace kumtunda kwa mzerewo. Nkhuni ndi mitengo yolavulidwa ndi nyanja, ndipo moto amasonkha pa mcenga, kutali ndi nkhalango. Zakudya sazigoneka m'hema: amazitsekera m'mabokosi acitsulo kapena kuzipacika m'mwamba, pakuti kuderali kuli zimbalangondo ndi mimbulu. Mphotho ya mabvuto onsewa ndi kugona pa malo onga Tsusiat Falls, pamene mtsinje umagwa kucokera pa thanthwe kufikira pa mcenga, ndi kudzuka nkuona anamgumi akupuma patali pa nyanja.

Amene amabvulala ndi kucotsedwamo ndi boti kawirikawiri ndi oterereka cifukwa ca kutopa ndi cangu. Nyonga zimafunika, koma zimene zimafikitsa munthu kumapeto ndizo kumvera malangizo, kudikira nthawi ya madzi, ndi kuyenda pa liwiro la mnzace wofooka koposa. Njirayi inalambulidwa kuti munthu abwerere kwao wamoyo, ndipo imeneyo ikali nchito yace.